Tsiku Limene Ndinaveka Kompyuta Malata

Mukadzafika kwathu kuno n'kumva munthu akunena za aphunzitsi amene anawotcha apongozi awo, musathamangire kupolisi. Akunena ine, ndipo nkhani yake siili choncho kwenikweni. Koma ndisaname, siili kutalinso. Poti mudzi wonse ukuidziwa kale, ndipo aliyense amathirako mchere wake, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha.

Ndine mphunzitsi wa pulaimale, komanso ndine mkamwini. Ndinakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Golomoti, m'mbali mwa msewu wa tala, kumene mawaya a magetsi amadutsa popita kuchigayo, ndiye ifenso tinakokako. Mkamwini, monga mukudziwa, amayenera kukhala ndi chinachake choti eni mudzi azimutchula nacho. Ena amatchuka ndi khasu, ena ndi kuweta nkhumba. Ine ndi khasu tinagwirizana kalekale kuti tisamavutane, choncho ndinasankha kompyuta.

Kompyutayo sindinagule, ndinachita kumanga. Msuweni wanga Madalitso amakonza makompyuta ku Lilongwe, ndipo ndikapita kukamuona ndinkabwerako ndi chiwalo chimodzi chochokera m'makompyuta akufa. Ulendo uno bolodi lalikulu lobiriwira limene zonse zimalumikizidwapo, ulendo wina kabokosi kolandira magetsi, wina hadi disiki, imene ndiyo nkhokwe yosungiramo zinthu. Patatha chaka ndinali ndi zonse kupatula bokosi lakunja lokutira ziwalozo. Ndinangoyala katoni ya sopo patebulo n'kuikapo zonse poyera, mawaya ali balala ngati matumbo a mbuzi. Poyatsa ndinkagunditsa sikuludiraiva pa timano tiwiri ta pabolodi, monga anandiphunzitsira Madalitso. Ndipo inkayaka. (Mawu amenewa muwagwire: inkayaka tsiku lililonse, osavuta mpang'ono pomwe.)

Tsopano za apongozi. Apongozi anga aamuna anamwalira mwana wathu Tadala akuyamwa. Anali munthu wabwino kwa ine, ndipo ndi iwo amene anandilozera malo omanga nyumba ndisanapemphe n'komwe. Chithunzi chawo chenicheni chinali chimodzi chokha padziko lonse lapansi. Anawajambula wojambula woyendayenda kusikimu ya mpunga ku Bwanje, atavala jekete, atagwira njinga, akuseka mpaka maso kutsekeka. Apongozi aakazi ankachisunga m'buku lawo la nyimbo, atachikulunga m'pepala la pulasitiki la shuga.

Ine ndi sukulu yangayi ndinaona kuti kumeneko n'kutsalira. Ndinatuma mkazi wanga, amake Tadala, kuti akauze amayi awo kuti mapepala amatha, koma chinthu chikalowa mu kompyuta chimakhala mpaka Yesu adzabwere. (Kwathu kuno mkamwini salankhula ndi apongozi aakazi maso ndi maso. Mawu amadzera mwa mkazi wako ngakhale nonse muli pabwalo limodzi, ndipo mukakumana m'njira wina amapatukira kutchire.) Apongozi anakana kawiri. Kachitatu anapereka, ndi mawu akuti chibwere msanga.

Ndinapita nacho ku Salima kumene anachijambula n'kuchiika mu fulashi, ndipo nditafika kunyumba ndinachilowetsa mu kompyuta. Mu fulashimo ndinafufuta kuti mulowe nyimbo za kwaya, poti chithunzi chinali kale pamalo otetezeka. Cha pepalacho ndinachilowetsa pakati pa buku lakale la masamu n'kuliika m'katoni ya mabuku pansi pa bedi, ndikuti ndibweza mawa. Mawa lakelo linatenga dzinja lonse. Tsiku limene ndinakoka katoniyo inabwera theka, theka linalo linatsala pansi litasanduka dothi. Chiswe chinali chitamaliza masamu onse kuyambira kuphatikiza mpaka kugawa, ndipo pa apongozi anga chinangosiyapo kachidutswa kokhala ndi gudumu lakumbuyo la njinga.

Sindinauze munthu, ngakhale amake Tadala. Apongozi akatumiza funso, ine ndinkatumiza yankho lakuti chithunzi chasungidwa bwino. Kodi linali bodza? Chinalidi chosungidwa, mu kompyuta. Ndinkadziuza kuti tsiku lina ndidzasindikiza chachikulu, cha mu felemu, aliyense adzaiwala kapepala kakale kaja. Tsiku linalo nalonso linali pachibale ndi mawa lija.

Chaka chija mafuta a galimoto ankasowa, abale anagwirizana zomangira malemu chiliza. Alamu anga a Fanuel, achimwene awo a mkazi wanga, amene amagwira ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe, analamula kuti pa tsiku lodalitsa chilizacho aliyense adzavale malaya okhala ndi nkhope ya malemu. Anandiimbira foni Lolemba.

"Alamu, ndamva kuti chithunzi cha bambo chili mu kompyuta yanu."

"Chilimo, alamu, chili bwinobwino."

"Ndibwera Loweruka ndi fulashi. Mafuta ndapeza a ulendo umodzi wokha, ndiye ndikafika n'kutenga n'kubwerera. Komanso ndidzaione kompyuta yotchukayo."

Mawu omalizawo ndi amene anandiononga. A Fanuel ndi munthu amene akalowa m'nyumba mwako amayamba apukuta mpando ndi kansalu ka m'thumba asanakhale. Ndinayang'ana patebulo, ndinaona matumbo aja ali pa katoni ya sopo, ndipo ndinamva kale m'makutu mwanga momwe akaifotokozere nkhaniyi kwa anzawo a mu ofesi. Munthu wanzeru akanachita chiyani? Akanatenga fulashi n'kukopera chithunzicho tsiku lomwelo, ntchito ya mphindi imodzi, kenako n'kumaganiza za ulemerero. Ine m'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita ku Mtakataka kukaisoketsera suti kompyuta.

Ku Mtakataka kuli mmisiri wina, Che Bwanali, amene amakhoma ndowa, mbaula ndi makeni othirira m'dimba. Ndinasankha kumeneko kuti a ku Golomoti asadziwe kanthu ntchito isanathe. Ndinawapatsa pepala limene ndinajambulapo bokosi, miyeso yonse nditalemba ndi lula.

"Ichi n'cha nkhunda, aphunzitsi?" anafunsa.

"Cha kompyuta."

"Kompyuta." Anayang'ana pepalalo, kenako anayang'ana ine. "Ndimate m'makona kuti isamadonthe?"

"Ayi, mungoboola mabowo pamene ndalembapa. Awa ndi a masikuluwu, awa ndi otulukira mpweya."

"Ine ndimadziwa ndowa, aphunzitsi, izi mukudziwa ndinu. Mubwere Lachinayi, inshallah."

Lachinayi ndinapeza ntchito yokongola, ndipo pamenepa Che Bwanali ndisawanamizire mlandu uliwonse. Lata latsopano lowala, chivindikiro cha mahinjesi, mabowo ali ndendende pamene ndinalemba. Poti dzanja linazolowera, anaikaponso chogwirira cha waya ngati cha ndowa. M'minibasi mayi wina anandifunsa kumene ndagula, akuti ankafuna chotere chosungiramo ufa. Ndinamuyankha mofatsa, monga amayankhira munthu wophunzira, kuti chimenechi n'chipangizo cha sayansi. Ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambi umenewu ndinkaphunzitsa ana, sindinkauona ngati ukundikhudza.

Lachisanu nditaweruka kusukulu ndinayamba ntchito. Ndinazula ziwalo zonse pa katoni paja, ndinagoneka bolodi m'kati mwa bokosi, pa lata penipeni, n'kulimanga ndi masikuluwu asanu ndi limodzi. Ndinalimbitsa mpaka dzanja kuwawa, chifukwa sindimafuna kuti a Fanuel adzamve kanthu kakugwedera. Kabokosi ka magetsi pamalo pake, hadi disiki pamalo pake, ndipo batani loyatsira limene Madalitso anandipatsa kale koma ndinalibe poliika, linapeza kwawo kutsogolo kwa bokosi. Katoni ya sopo ndinaiponya panja. Kenako ndinaitana amake Tadala kuti adzakhale mboni.

Ndinadina batani. Fani ya m'kati inazungulira kamodzi, ngati munthu wotembenuka ali m'tulo, n'kuima. Sikirini ili bii.

"Yayaka?" anafunsa amake Tadala.

"Ikuganiza."

"Kale sinkaganiza."

Ndinadinanso. Fani kamodzi, zii. Ndinadina kachitatu mokanikiza kwambiri, chifukwa tonse timadziwa kuti chinthu chikakana umawonjezera mphamvu. Amake Tadala anabwerera kukapeta mpunga wawo.

Woyamba kumuimba mlandu anali magetsi. Babu linkayaka, wailesi inkalankhula, koma ine ndinati zimenezo n'zinthu zazing'ono, kompyuta imafuna magetsi okhuta. Ndinamva chigayo chikulira ndipo ndinati wakuba ndi ameneyu. Ndinapita konko, ndinadutsa mzere wa amayi okhala pa matumba awo, n'kupempha mwini chigayo kuti azimitse kwa mphindi zisanu chifukwa akundithera magetsi. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anazimitsadi, n'kulengeza kwa amayi onse kuti adikire, aphunzitsi akufuna kulankhula ndi azungu. Ndinathamangira kunyumba, ndinadina batani, fani kamodzi, zii. Kuchigayo sindinabwerereko kukanena kuti ayatse. Anayatsa okha patapita nthawi, ndipo ndikukhulupirira kuti zimene ananena amayi aja zinandifika ngakhale sindinazimve.

Wachiwiri anali nthambo. Ndinasinthanitsa ya sikirini ndi ya kompyuta, palibe chinasintha. Wachitatu anali soketi ya m'nyumba mwathu. Ndinamangirira bokosi pa kaliyala ya njinga n'kupita nalo kwa wometa tsitsi pa Golomoti kuti ndikayese soketi yake. (Apa chogwirira cha Che Bwanali chinathandiza, ndivomereze.) Ometedwa onse anadzuka ndi mitu yometedwa theka kudzaona. Fani inawachitira chimodzimodzi, kamodzi basi, ndipo mkulu wina anati nayenso ali ndi mpongozi wotero, amadzuka m'mawa n'kudziongola kenako n'kugonanso. Anthu anaseka. Inenso ndinaseka nawo, koma ndinakumbukira chimene chinali m'bokosimo, ndi kuti kwina kulikonse kunalibe.

Nditabwerera ndinaimbira Madalitso. Iye ndi msuweni, ndiye ulemu pakati pathu ndi wochepa.

"Iwe, chinthu chija chikukana kuyaka. Fani ikungozungulira kamodzi."

"Wasintha chiyani?"

"Palibe."

"Palibe? Dzulo imayaka, lero yangoganiza zopuma?"

"Ndi momwemo."

Mwaona pamenepo. Munthu anandifunsa funso loyenera, funso limene likanathetsa nkhani yonse, ndipo ine ndinanama. Chifukwa chake? Ndinadziwa kuti ndikatchula za wokhoma ndowa, Madalitso aseka mpaka mayunitsi anga kutha, kenako akauza abale onse a kwa amayi. Ndiye iye, poti ndinamubisira matenda, anandipatsa mankhwala a matenda ena. Anati ndizule timabolodi tating'ono totchedwa ramu ndipukute mano ake ndi labala ya pensulo. Ndinapukuta mpaka anawala. Anati ndichotse kabatire kozungulira ka pabolodi, ndiwerenge mpaka makumi atatu, ndibwezere. Ndinawerenga mpaka zana kuti zikwanire bwino. Anati ndizule chilichonse ndisiye bolodi ndi magetsi okha. Ndinazula chilichonse, kupatula masikuluwu asanu ndi limodzi aja, poti amenewo sanawatchule. Safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, ndinafunsa n'kubisa mbale.

Loweruka m'mawa ndinali pomwepo, ndikuchita zomwezo ndi chiyembekezo chakuti mwina kompyuta yasintha maganizo. Nkhani inali itafika kale kwa apongozi, kudzera kuchigayo. Anabwera n'kukhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atafulatira khomo lathu monga mwa mwambo. Anaitana mwana wawo, analankhula naye motsitsa, ndipo amake Tadala anabwera kudzaima pakhomo.

"Amayi akuti bambo sankakonda kutsekeredwa. Ngakhale nthawi yozizira ankagona zenera lili pululu. Akuti muwatulutse m'chidebemo."

Ndinaika sikuludiraiva pansi. Ndinafotokoza, mokweza pang'ono kuti mawu afike pansi pa mango popanda kuphwanya mwambo, kuti choyamba ichi si chidebe. Chachiwiri, mu kompyuta mulibe munthu, muli manambala. Chachitatu, makompyuta onse padziko lapansi amakhala m'mabokosi achitsulo, ndipo dziko lathu silingatukuke ngati vuto lililonse la sayansi tiziliyankha ndi zikhulupiriro. Ndinalankhula mwina mphindi zisanu. Amake Tadala anamvetsera zonse, anapita pansi pa mango, anagwada, n'kunena kuti, "Akuti amva."

A Fanuel anafika dzuwa lili pamutu. Analonjerana ndi amayi awo, analowa m'nyumba, anapukuta mpando, anakhala. Maso awo anagwera pa bokosi.

"Ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi, alamu. Yomangidwa mwapadera."

"Ili ndi chogwirira."

"Kuti izinyamulika."

"Ehe." Anatulutsa fulashi n'kuiika patebulo. "Tiyeni, ndikufuna ndidutse Salima kusanade."

Ndinadina batani ndikupemphera chamumtima, ndipo fani inachita zimene inazolowera. Ndinati imatero ikamva mlendo. A Fanuel sanaseke, anayang'ana wotchi. Ndinatembenuza bokosi ngati ndikudziwa chimene ndikufuna, ndipo m'pamene ndinaona kaswichi kofiira kumbuyo kwa kabokosi ka magetsi. Chaka chonse ndinali ndisanakalabadire. Panalembedwa 230. Nditazula nthambo n'kukakankha ndi nsonga ya sikuludiraiva, panaoneka 115.

Apa mutu wanga wa masamu unagwira ntchito mwachangu. Magetsi a kumudzi ndi ofooka. Kompyuta ikupempha 230, magetsi athu sakukwanitsa, ndiye ikunyanyala. Ndikaiuza kuti izipempha 115 yokha, ikhutira ndi zimene zilipo. Ndinaona kuti nzeru imeneyi ndi yokoma kwambiri moti sindikanaisunga ndekha, ndipo ndinawafotokozera a Fanuel pang'onopang'ono, ngati ana a Sitandade 5.

"Mukutsimikiza, alamu?" anafunsa.

"Alamu, chinthuchi ndinamanga ndekha."

(Kwa amene simukudziwa, monga inenso sindinkadziwa: kaswichi kameneko sikapempha kanthu. Kamauza kabokosiko kuti magetsi akubwera ndi ochepa, a kumayiko ena, ndiye katsegule pakamwa ponse. Athu kuno ndi 230, kaya kumudzi kaya kutauni.)

Ndinalowetsa nthambo mu soketi. Batani sindinalifike n'komwe. Kunamveka phuu, ngati thumba la pepala lophulitsidwa pakhutu, kuwala kwa buluu kunang'anima m'kati mwa lata, wailesi inadukiza mawu pakati. Nkhuku zonse pabwalo zinabalalika. Nditatsegula maso a Fanuel anali panja, kansalu kawo katatsala pampando. Utsi unkatuluka bwinobwino m'mabowo a mpweya aja, m'mizere yowongoka, ngati mbaula yopangidwa ndi katswiri. Fungo lake linali la pulasitiki wopsa, ndipo linakhala m'makatani mwezi wathunthu.

Munthu mmodzi yekha sanasunthe. Apongozi anakhalabe chofulatira, analankhula mawu ochepa kwa mwana wawo, ndipo amake Tadala anabwera pakhomo akukupiza utsi ndi chitenje.

"Amayi akufunsa ngati bambo atuluka."

A Fanuel anabwerera kudzatenga kansalu kawo, anadzipukuta pamphumi, ndipo anayesetsa kukhala munthu wabwino, chimene chinandipweteka kwambiri.

"Basi alamu, zimachitika, bola tonse tili moyo. Bweretsani cha pepala chija, ndikachijambulitsa ku Lilongwe."

Pamenepo madzi anafika m'khosi. Ndinayang'ana a Fanuel, ndinayang'ana amake Tadala, ndinayang'ana utsi. Kenako ndinalowa kuchipinda n'kutenga enivelopu imene ndinabisamo kachidutswa kaja. Amake Tadala anakayang'ana m'dzanja langa nthawi yaitali asanamvetse chimene akuona.

"Chinachitika liti?"

"Dzinja lathali. Chiswe."

"Ndiye miyezi yonseyi ine ndimakauza amayi kuti chasungidwa bwino."

"Ndimati ndisindikize china chachikulu. Mukawauze amayi kuti..."

"Ayi, abambo a Tadala. Mabodza anu ndanyamula okwanira osadziwa. Izi mukanena nokha."

Choncho ndinayenda kuchoka pakhomo kupita pansi pa mango, mtunda umene mwana amaudumpha kanayi, koma ine unanditalikira. Ndinagwada chapatali. Zaka zonse za ukamwini wanga ndinali ndisanalankhulepo ndi apongozi anga aakazi mwachindunji, ndipo mawu anga oyamba kwa iwo anali akuti, "Amayi, ndalakwa. Chithunzi cha bambo chinadyedwa ndi chiswe m'manja mwanga, ndipo chimene chinatsala mu kompyuta ndi chimene chapsachi." Ndinakankhira enivelopu pamphasa.

Ndinkayembekeza kulira kapena kukalipa, ndipo ndikanakonda zimenezo. Iwo anatulutsa kachidutswako, anakayandikitsa kumaso, anakapukuta ndi chala.

"Njingayi inali yobwereka," anatero, osatembenuka.

Anakakulunga m'pepala la shuga lija, limene analisungabe lopanda kanthu m'buku la nyimbo, anadzuka n'kumapita kwawo. Ndinatsala chogwada mpaka a Fanuel anati ndidzuke, anthu akuona.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi, kuti mwina hadi disiki yapulumuka. A Fanuel ananyamula bokosi lonse, pogwira chogwirira chija, kukapereka kwa Madalitso. Lolemba nthawi yopuma kusukulu foni inalira. Madalitso ankaseka moti poyamba sindinamve chimene akunena.

"Msuweni, ndowa iyi waitenga kuti? Anzanga onse ajambula."

"Nena za chithunzi."

"Dikira kaye. Unati sunasinthe kanthu. Pansi pa bolodi pali timinga tachitsulo tambirimbiri, ndipo iwe walikanikiza pa lata ndi masikuluwu. Magetsi amangodutsa paliponse, ndiye kabokosi kamazimitsa kokha kuti zinthu zisapse. M'mabokosi enieni bolodi limakhala pa timiyendo, silikhudza chitsulo. Ukanangomasula n'kulitulutsa m'chidebemo, ikanayaka nthawi yomweyo."

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo kale, Loweruka m'mawa, kwaulere, kuchokera kwa munthu amene sanagwirepo kompyuta chibadwire, ndipo ndinawayankha ndi mfundo zitatu.

"Nanga chithunzi?" ndinafunsanso.

Kuseka kunatha. "Msuweni, kaswichi kaja kapha zonse. Hadi disiki yapsa. Ndayesa pa makompyuta atatu, sikuzungulira n'komwe. Pepa."

Malaya anayenera kusindikizidwabe, poti a Fanuel anali atalonjeza kale abale onse. Anafufuza m'nyumba ya apongozi, m'masutikesi ndi m'zitini, mpaka anapeza chiphaso chovotera cha malemu. Pakona pake panali kachithunzi kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Aliyense amene anajambulitsapo chiphaso chotere akudziwa momwe zimakhalira: waima pamzere kuyambira m'mawa, dzuwa likukulasa m'maso, ndipo wojambula akukuuza kuti usaseke. Atakakulitsa kuti kadzaze chifuwa cha malaya, panatuluka bambo wa nsidze zokumana, milomo yomangika, akuyang'ana ngati wapeza mbuzi zako m'munda mwake kachitatu.

Tsiku lodalitsa chiliza anthu anabwera ambiri, ndipo nkhope imeneyo inali paliponse. Kumanda, pamzere wosamba m'manja, pa amayi ophika, pa achinyamata onyamula mabenchi. Kulikonse kumene ndinatembenukira apongozi anga ankandiyang'ana mokwiya, ndipo sindikanawatsutsa. Anga malaya a Fanuel anandipatsa pamaso pa anthu, n'kunena kuti alamu ndi amene athandiza kwambiri pa nkhani ya chithunzi. Anthu anaombera m'manja mwaulemu wonse. Pamudzi pano chipongwe amachidziwa kuchiphika.

Titabwerako kumanda, anthu akudya, Tadala anabwera pamene ndinakhala. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo malaya ake ankamufika m'maondo. Anawakoka kutsogolo n'kuyang'ana nkhopeyo chozondoka, kenako anafunsa mokweza monga amachitira ana.

"Kodi agogo anali olusa chonchi?"

Apongozi anali pamphasa chapafupi ndi amayi anzawo, atafulatira monga mwa nthawi zonse. Sanatume munthu.

"Ayi mwanangu, ankaseka kwambiri. Afunse abambo ako, ndi amene anawaona komaliza akuseka."

Mwanayo anatembenukira kwa ine n'kudikira. Ine ndaphunzitsa ana zinthu zambiri zimene sindinazionepo, mapiri otuluka moto, sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo sindinasowepo mawu. Koma pamenepo ndinatsegula pakamwa, ndinati ankatseka maso, ndinati anagwira njinga, kenako ndinaona kuti mwanayo akuyang'anabe nkhope ya pamalaya, chifukwa ndi yokhayo imene adzaidziwe. Chisoni chimene ndinamva sindinachimvepo ngakhale tsiku la maliro awo.

Makompyuta ndimamasulabe, ndisakunamizeni, ndipo ndinamanganso ina. Koma munthu akabwera ndi chithunzi cha pepala kuti ndimusungire, ndimamupatsa mpando, ndimachijambula iye akuona, n'kumubwezera m'manja asanaimirire.